Khomo Limene Mawaya Anasiya mu Rauta

Kanyali kachinayi ndi kamene kanayamba kuchita zachilendo. Rauta, chipangizo chogawa intaneti m'nyumba, inali pamwamba pa kabati ya mbale, pomwe Mawaya anaikhomera ndi manja ake, ndipo kutsogolo kwake kunali tinyali tinayi tobiriwira. Mkazi wake, amene anthu ankangomutchula kuti mayi wa mapasa, ankadziwa ntchito ya titatu: koyamba ka magetsi, kachiwiri ka intaneti, kachitatu ka mafoni a m'nyumba. Kachinayi mwamuna wake sanamuuzepo za iko. Chikhomereni rautayo, kanyaliko kankangoyaka duu, osaphethira.

Usiku umenewo mayi wa mapasa anali pa makina ake osokera, akupinda mpendero wa diresi ya kasitomala. Sikuti ntchito inali yofulumira ayi, koma tulo tinali titamuthawa kalekale. Ataimitsa phazi kuti adule ulusi, m'nyumba munati zii, ndipo pa galasi la zenera anaona kuwala kobiriwira kukuvina. Anacheuka. Kanyali kachinayi kanali phethiphethi, mofulumira ngati mtima wa mwana wodwala malungo, ndipo kachiwiri kankakayankha. Foni yake inali yozima patebulo. Ana anali mtulo. M'nyumba monse munalibe wogwiritsa ntchito intaneti, koma rauta inali kalikiliki kutumikira munthu wina.

Mawaya anali mmisiri woika marauta m'nyumba ndi m'maofesi a anthu, ndipo dzina limenelo analitengera ku mawaya amene ankalendewera m'thumba lake lililonse. Anali munthu waphokoso moti sankatha kufika pakhomo mwakachetechete. Akadali kumsewu ankayamba kale kufuula kuti, "Tsegulani, mwini nyumba wafika ndi njala yake!" Ana ankathamanga, agalu a aneba ankauwa, mkazi wake n'kumati tsiku lina anthu adzatithamangitsa pano chifukwa cha kukamwa kwanuko. Ndiye tsiku lina m'mawa bamboyu ananyamula chikwama cha zipangizo, nati akukaika rauta kwa kasitomala watsopano, ndipo sanabwerenso. Apolisi analemba zolemba zawo. Abale anayenda m'zipatala mpaka kukasuzumira m'nyumba za chisoni. Palibe chinapezeka, ngakhale nsapato.

Anthu ndiye anapeza chotafuna. Ena ankati anathawa ndi mkazi wina, ena ankati anadutsa malire kukasaka ntchito. Panalinso ena, aja amakupatsa moni ndi mano onse masana, amene ankanong'ona kuti afunseni mkazi wakeyo, telala amadziwa kudula ndi kusoka posaoneka msoko. Mayi wa mapasa ankazimva zonsezi kudzera mwa makasitomala, chifukwa munthu akamayezedwa m'chiuno pakamwa pamamasuka.

Kanyali kaja kanaphethiranso usiku wotsatira, ndi winanso. Kankayamba ana akagona, n'kuleka pakapita kanthawi. Tsiku lina mayi wa mapasa anafika mpaka pogwira pulagi kuti aizule, koma dzanja linakana. Rauta ija inali chinthu chomaliza m'nyumbamo chimene chinkagwirabe ntchito monga mmene mwamuna wake anachisiyira. Khoswe anali atakhala pa mkhate.

Kenaka apongozi ake, mayi ake a Mawaya, anatulukira madzulo ena osatumiza mawu. Anakana mpando wabwino, nakhala pa kampando ka makasitomala, chikwama chili pamiyendo.

"Apongozi," anatero mayi okalambawo, "mwana wanga akundilembera."

Mayi wa mapasa anawayandikira. "Akukulemberani? Ali moyo? Ali kuti, amayi?"

"Funso limenelo ndabwera nalo ndine." Anatulutsa foni yawo naiika pa makina osokera. Mauthenga analipo ambiri, onse ochokera pa dzina la Mawaya, chithunzi chake chili pambali akuseka. Ndili bwino amayi. Musandifunefune. Sindingathe kulankhula pano. "Ndikaimba sayankha, amangolemba. Ndiye mng'ono wake anapita nawo mauthengawa kwa mnzake wodziwa za makompyuta kuti atiuze dziko limene ali. Mukudziwa chimene anapeza? Akuti mauthenga onsewa akuchokera pa adiresi ya intaneti ya nyumba ino. Muno, apongozi. Mmene takhala muno."

"Muno mulibe munthu wina koma ine ndi ana."

"Ndi zomwe ndikunenazo."

Mawu amenewo anamulasa kuposa mbama. Anamvetsa bwino lomwe chimene apongozi ake ankatanthauza: kuti foni ya Mawaya ili ndi iyeyo, kuti akulemba yekha mauthengawo pofuna kuti abale aleke kufunafuna, ndiponso kuti mkazi wochita zimenezo amadziwa pamene mwamuna wake wagona. Analumbira, analira, anatsegula masutikesi ndi madilowa onse kuti afufuze okha. Apongozi anangoyang'ana, nati utsi sufuka popanda moto. Kenaka anamuonetsa uthenga womaliza. Tengani ana akakhale kwanu, amayi. Kumeneko sali bwino.

"Kaya walemba ndi mwana wanga, kaya mwalemba ndinu, ana ndiwatenga," anatero. "Ngati ndi iye, ndamvera mawu ake. Ngati ndinu, ndiye kuti adzukulu anga sangagone nyumba imodzi ndi inu."

Apongozi anagona komweko, pamphasa m'chipinda cha ana, atapingasa pakhomo. Pakati pa usiku mmodzi wa mapasa aja, wamkaziyo, anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chija chimabwera ndi mphepo yozizira. Mayi wake anadzuka, nadutsa m'khonde la m'kati ndi kapu ya madzi ofunda, namumwetsa, nabwerera. Podutsa pabalaza anaona kanyali kachinayi kali pa ntchito yake. Asanafike n'komwe pabedi, foni ya apongozi inalira m'chipinda cha ana. Anamva mphasa ikukhwekhwereza, kenaka mayi aja anatulukira, nkhope yawo itawala ndi foni.

"Mwana akutsokomola, madzi okha sathandiza," anawerenga monong'ona. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwaibisa pati foniyo? Mu zovala zomwe mwavalazo?"

Chimene chinamuopsa mayi wa mapasa sichinali chipongwecho ayi. Makatani onse anali otseka, zitseko zokhoma, ndipo kapu ya madzi ija anainyamula mumdima. Wina anamuona.

Kutacha apongozi anayamba kulongedza zovala za ana m'chikwama, akuzipinda bwinobwino ngati munthu amene alibe mangawa. Uthenga wina unali utafika mbandakucha. Munyamuke mawa kusanache, anthu asanadzuke. Mudzere njira ya kuseri kwa fakitale yakale, basi ya kumeneko sichedwa. Ana ankangoti akupita kukacheza kwa agogo, ndipo ankakanganirana mpando wa pazenera. Mayi wawo anatsekera m'bafa, naimbira foni munthu yekhayo amene anamuganizira.

Makwerero anafika dzuwa litapendeka. Anali mnzake wa Mawaya wa pantchito, wamtali ngati dzina lakelo, wosalankhulalankhula, ndipo chisowereni mnzake ankachita manyazi kufika pakhomopo chimanjamanja wopanda nkhani. Anapereka moni kwa apongozi atagwira chipewa pachifuwa, namvetsera zonse, kenaka anatsitsa rauta ija pakabati, naipukuta fumbi ndi dzanja la malaya, nalumikiza laputopu yake.

"Zoti mauthenga akuchokera pa adiresi ya nyumba ino zikhoza kukhala zoona, amayi," anatero. "Koma adiresi imeneyo si ya munthu mmodzi. Kampani imapereka adiresi imodzi yokha pa nyumba yonse. M'kati muno foni iliyonse ili ndi kaadiresi kakekake, koma ikamatuluka, rauta imaivula kaadiresi kaja n'kuiveka adiresi ya nyumba. Yankho likabwera, rauta imakumbukira amene anatuma, n'kumupatsira. Ife timati NAT. Ndiye wa kunja saona kuti walemba ndani. Aliyense wodzera pa rauta iyi amatuluka atavala nkhope ya nyumba ino."

"Wodzera muno ndi ndani, poti mwini wake akuti amakhala yekha?" anafunsa apongozi.

"N'zimene tikufuna tione."

Analemba pasiwedi imene iye ndi Mawaya ankagwiritsa ntchito pa marauta awo onse, ndipo inatsegula. Kwa kanthawi kunkangomveka zala zake. Mayi wa mapasa anaimirira kumbuyo kwake, akuyang'ana manambala amene kwa iye anali ngati nyerere zondondozana. Kenaka zala zija zinaima.

"Alamu," anatero Makwerero osacheuka, "waya wa buluu uyu amapita kuti?"

Waya uja ankachoka kumbuyo kwa rauta, nakwera khoma kuseri kwa kabati, nalowa pa kabowo ka kusiling'i. Mayi wa mapasa anali atapukuta kabatiyo kosawerengeka, koma anali asanadzifunsepo. Makwerero anakwera pa tebulo, nakankha chitseko cha kusiling'i, nalowetsa mutu ndi tochi. Fumbi linagwa ngati ufa. Anakhala chomwecho nthawi yaitali, miyendo yokha ikuoneka, ndipo potsika nkhope yake inali itasintha.

"Kuli kabokosi, kakompyuta kakang'ono ngati sopo. N'kamene kamayatsa kanyali kachinayi." Anakhala pansi napukuta m'manja. "Mwachibadwa rauta salola wa kunja kulowa ngati sanaitanidwe ndi wa m'kati. Koma ife amisiri tili ndi chizolowezi choipa. Timatopa n'kuyenda, ndiye timadzisiyira khomo. Mnzangayu anauza rauta kuti aliyense wogogoda pa kakhomo kakutikakuti, ife timati poti, usamufunse, mupititse ku kabokosi kaja. Kiyi wa khomo limenelo ali mu foni yake. Akakhala kutali ankalowera pamenepo, n'kukhala ngati ali pabalaza pano. Akatuluka kupita pa intaneti, ankatuluka ndi adiresi ya nyumba ino."

"Ndiye kuti ndi iyeyo!" anatero apongozi, maso atadzaza misozi. "Ndi mwana wanga!"

"Ndi amene ali ndi foni yake, amayi. Rauta sidziwa nkhope ya munthu. Imadziwa kiyi basi."

Kunja ana ankasewera mpira wa mapepala, akuwombetsa kukhoma.

"Pali chinanso," anapitiriza Makwerero, mawu atatsika. Analoza mzere umodzi pa laputopu. "Apa analemba njira. Anauza rauta kuti zochokera ku kabokosi zikafuna kupita ku manambala awa, zidzere uku. Manambala amenewa ndi a makamera. Muli ndi makamera muno, alamu?"

Mayi wa mapasa anakumbukira. Chaka chimene akuba anathyola zenera n'kuba nsalu za makasitomala, Mawaya anaika kamera ina pakhomo la kumaso, ina m'khonde la m'kati, yoyang'ana ku chipinda cha ana. Anali ataiwalako, chifukwa zithunzi zake zinkapita pa foni ya mwamuna wake yokha. Anapita m'khonde muja nakweza maso. Kakamerako kanali pomwepo pakona, kakuda ngati diso la nkhuku, ndipo kankaona ngakhale mumdima. Anaganiza za mausiku onse amene anadutsa pamenepo atangomanga nsalu, za ana akuthamanga kuchokera kosamba ali maliseche. Anatenga chidutswa cha nsalu nakaphimba.

"Ndikhoza kufufuta njirayo ndi kutseka khomolo pompano," anatero Makwerero mayiyo atabwerera. "Koma ndikuuzeni zoona. Kiyi ali mu foni ija sadzagwiranso ntchito. Ngati ndi mnzanga, ngati ali penapake pamene sangathe kulankhula ndipo chomwe watsala nacho ndi kuona ana ake usiku, ndiye kuti tamutsekera kunja. Nyumba ndi yanu, alamu. Nenani ndinu."

"Musatseke," anatero apongozi msangamsanga. "Mukufuna kumudula mwana wanga kachiwiri?"

Mayi wa mapasa anayang'ana rauta ija. Ankamukonda mwamuna wake, ndipo panalibe usiku umene sanapemphe kuti amve phokoso lake kumsewu. Mwina analidi iyeyo. Mwina ankakhala penapake mumdima, foni ili m'manja, akuwerenga mpweya wa ana ake. Koma anayang'ananso chikwama cha zovala chili pakhomo la chipinda, chomanga kale.

"Bambo a mapasa akanaona mwana akutsokomola, sakanalembera amayi awo," anatero pang'onopang'ono. "Akanandilalatira ineyo. Tsekani."

Makwerero anafufuta mzere wa njira, nafufuta wa khomo, nasintha pasiwedi. Anakweranso patebulo nazula kabokosi kaja, nakaika m'thumba kuti akakapereke kupolisi m'mawa. Kanyali kachinayi kanazima. Pochoka anaima pakhomo ngati ali ndi mawu ena, koma anangoti mukhome bwino, foni yanga ikhala yoyaka.

Ana atagona, apongozi analanda foni ya mpongozi wawo naiika m'chikwama chawo, nakhala pa mpando woyang'anizana naye pabalaza. Anati akufuna aone ndi maso awo ngati uthenga ubwere manja a telala ali poyera. Chikwama cha ana anachiika pafupi ndi phazi lawo. Kusanache anyamuka, anatero, zivute zitani.

Anakhala choncho akazi awiriwo, nyali yaikulu itazimitsidwa, tinyali titatu tokha tikuwala pamwamba pa kabati. Phokoso la mumsewu linatha pang'onopang'ono. Wailesi ya aneba inazima. Firiji inkalira n'kuleka, ndipo ikaleka kunkamveka mpope wa kubafa ukudontha, ndi malata akudzinyolola pozizira. Mayi wa mapasa anaika manja ake pamaondo, poonekera, mpaka anachita dzanzi.

Foni ya apongozi inalira.

Mayi okalambawo anayang'ana kaye manja a mpongozi wawo, kenaka anayang'ana foni. Milomo yawo inayenda osatulutsa mawu. Anaitembenuza kuti nayenso awerenge.

Mwanditsekeranji?

"Si inu," ananong'ona apongozi. "Mayo ine, si inu." Asanamalize, uthenga wina unalowa. Sindikuwaona ana. Kenaka winanso. Ndabwera.

Agalu a aneba sanauwe. Chimene chinamveka ndi kachitseko ka mpanda, kulira kwake kwa dzimbiri kuja, pang'onopang'ono ngati wokankhayo sakufuna kudzutsa munthu. Kenaka mapazi pa miyala ya pabwalo. Sanapite ku khomo la kumaso kumene kunali kamera. Anazungulira nyumba, nadutsa pansi pa zenera la ana, naima pamenepo kanthawi, napitirira mpaka ku khomo la kukhitchini.

Go. Go. Go.

Apongozi anadzambatuka. Mayi wa mapasa nayenso anapezeka ataimirira, ndipo ngakhale anali atanena yekha mawu aja madzulo, mtima wake unathamangira kuchitseko miyendo isananyamuke. Bwanji ngati ndi iye, wowonda, wovulala, wopanda nsapato? Anafika m'khitchini, dzanja lili pa loko, apongozi ali pambuyo pake.

"Ndani?" anafunsa mayi wa mapasa.

Zii. Kuseri kwa chitseko kunkamveka kupuma kwa munthu, kodekha, kosathamanga.

"Bambo a mapasa, ngati ndinu, lankhulani."

Pansi pa chitseko panaoneka kuwala kofooka, kwa foni yoyatsidwa panja. Kunamveka tizala tikugunda pa galasi la foniyo. Foni ya apongozi inalira m'manja mwawo.

Ndine. Tsegulani.

"Mwanawe!" anaitana apongozi, atatsamira chitseko. "Ndine mayi ako. Tangonena liwu limodzi lokha, ndimve."

Kuwala kuja kunasuntha pang'ono. Tizala tija tinayambanso.

Mundipatse ana okha. Ndibwera nawo.

Mayi wa mapasa anamva dzanja louma likugwira mkono wake, mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa m'khungu. Apongozi anachotsa dzanja lake pa loko paja. Nkhope yawo, powala ndi foni, inali itakalamba kuposa mmene inalili madzulo.

"Usatsegule, mwana wanga," ananong'ona. Chikwatiwireni pabanjapo, anali asanamutchulepo choncho. "Uja ndinabereka ine sanagogodepo pakhomo chibadwire. Amafuula."

Anakoka tebulo la makina osokera awiriwiri, chitsulo chake chikukukuta simenti, nalitsamiritsa kuchitseko. Mayi wa mapasa anatulutsa foni yake m'chikwama cha apongozi naimbira Makwerero, amene anayankha isanalire kawiri, nati akudzera kupolisi, asasunthe. Kenaka ananyamula ana onse awiri ali mtulo, nawagoneka pakati pa balaza, kutali ndi mazenera, iye nakhala pansi atawafungatira.

Kugogoda kunayambiranso, kosapsa mtima, kosafulumira, ngati kwa munthu amene akudziwa kuti nthawi ndi yake.

Apongozi anakhala pansi pafupi ndi chikwama chija. Anayatsa foni yawo nabwerera m'mbuyo mpaka pa uthenga wa mbandakucha uja, wonena za kunyamuka anthu asanadzuke, ndi za njira ya kuseri kwa fakitale yakale, kumene kulibe nyumba ngakhale imodzi. Anauwerenga kawiri. Kenaka anaika foni chafufumimba, natsegula zipi ya chikwama, nayamba kutulutsa zovala za adzukulu awo chimodzichimodzi, kadiresi, kakabudula, tisokosi, akuziika pamiyendo pa mayi wawo.